Mkazi wopanda nkhoswe

Kale kuno kwa Malemia, masiku amene akapolo ankasenza minyanga ya njovu kupita kunyanja ya mchere, m'mudzi umodzi munkakhala akazi a mitundu iwiri. Mfulu ankakhala pakati pa abale ake, mwamuna ali mkamwini chabe. Akayamba nkhanza, alongo ndi amalume a mkazi ankaitana ankhoswe, ndipo zikakanika mkamwiniyo ankapinda mphasa yake n'kuuyamba ulendo wa kwawo, ana n'kutsala ndi mayi awo. Koma mkazi wogwidwa pankhondo kapena wogulidwa ndi nsalu analibe kokalira. Mpake amuna olemera ankakonda kukwatira akapolo: ana ankakhala a bambo, panalibe malume wowalondola, ndipo mkaziyo sakanatha kuthetsa banja ngakhale amenyedwe chotani. Mwini wake akatopa naye ankangomugulitsa kwina.

Mfumu Kawinga, imene inkagulitsa akapolo, inagonja kwa asilikali a atsamunda a ku Britain mu 1895, malonda a anthu n'kuzilala. Nanga bwanji mkazi wopanda nkhoswe uja tikumuonabe lero kuno pa Songani?

Muoneni pamsika, akuunjika tomato, mpango atautsitsa kuti ubise diso lotupa. Abale ali nawo ndithu. Usiku anathawira kwa amalume ake, mwana ali kumsana, phazi lili pansi. Iwo anati, "Iwe mwana, banja ndi kupirira. Bwerera, usatichititse manyazi. Si apongozi omwewa anatigulira feteleza chaka chatha?" Kutacha anamuperekeza okha mpaka pakhomo pa womumenyayo.

Zimandiwawa kwambiri kuti unkhoswe, umene makolo anauika kuti uteteze mbumba, lero tikuugulitsa ndi thumba la feteleza. Kapolo uja abale ake anachita kulandidwa. Uyu tikumupereka tokha, tili maso.

Malamulo alipo. La 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti kulamula wankhanza kuti atuluke m'nyumba. La 2015 la maukwati limazindikira ukwati wa pachikhalidwe, ndipo khoti likhoza kuuthetsa ngati wasokonekera kosakonzekanso. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Koma ndalama ya minibasi yopitira ku Zomba ili m'thumba mwa mwamuna yemweyo, ndipo akulu ena achipembedzo amangoti apemphere, zisintha. Mkazi akalimba mtima n'kukadandaula, ndi abale ake omwe amene amamutsatira kupolisi kukamuchonderera kuti atseke mlandu, ati anawa adya chiyani bambo awo akamangidwa.