Kodi Ulemu wa Munthu Wamphamvu Uli Pati?

Ku Chiwamba ndi ku Nsaru timaona ng'ombe zikukoka ngolo yodzaza fodya, koma ndalama za fodyayo ng'ombe siziona. Kodi munthu angafanane ndi ng'ombe yotere? Tamverani mbiri ya Primo Carnera.

Carnera anabadwa mu 1906 m'mudzi wa Sequals ku Italy, m'banja losauka. Anali chimphona, kutalika kwake pafupifupi mamita awiri. Ali mnyamata anapita ku France kukafuna ntchito, monga makolo athu ankapitira ku Joni. Kumeneko anthu anaona thupi lake namphunzitsa nkhonya. Pa 29 June 1933 anagonjetsa Jack Sharkey ku New York, nakhala katswiri wa dziko lonse mwa ankhonya olemera kwambiri.

Koma ulemuwo unali ndi minga. M'chaka chomwecho mnzake Ernie Schaaf anamwalira patapita masiku ochepa atamenyana naye. Ndalama nazo zinkadzera m'manja mwa omuyang'anira, ndipo zambiri sanazione. Mu 1934 Max Baer anamgwetsa kambirimbiri namlanda ukatswiri uja. Pamene mphamvu za nkhonya zinatha, Carnera anatsala ndi zochepa.

Tsono anayamba masewera ogwetsana, nachulutsanso ntchito ya m'kanema. Mu kanema wa Hercules Unchained wa mu 1959 anasewera ngati chimphona chogonjetsedwa. Wina angati, "Si manyazi amenewa? Munthu amene dziko lonse linamuopa, lero akugwa dala kuti anthu asangalale!"

Tiyeni tiyese bwino mlanduwu, inu owerenga. Pamene anali katswiri, nkhonya zinali zenizeni, magazi anali enieni, koma phindu linali la ena. M'kanema kugwa kunali kwa masewera chabe, panalibe wofa, ndipo malipiro anafika pakhomo nathandiza kulera ana ake. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kutchuka kunali fodya wapachala. Ngati pali manyazi m'nkhaniyi, ali pa iwo amene anadya thukuta la mnzawo, osati pa munthu amene anadzichepetsa kuti banja lake lidye.

Komabe tisanene kuti Carnera sanataye kanthu. Zaka za unyamata sizibwerera, ndipo zake zinadyedwa ndi eni mapepala. Mlimi amene alima munda waukulu koma sawerenga sikelo kapena chikalata cha ngongole ali pa ngozi yomweyo. Mphamvu imakhala ya mwini wake pokhapokha mwiniyo adziwa kumene phindu lake likupita.

Carnera anamwalira kwawo ku Sequals pa 29 June 1967, tsiku lomwe lija anapambanira, patapita zaka 34. Nanga inu, mphamvu zanu akudya ndani?