Amene Sanapezeke Pakhomo

Mphunzitsi akafuna kukwezedwa pa ntchito ku yunivesite, amatulutsa mndandanda wa nkhani zimene anasindikiza m'magazini a sayansi. Akuluakulu amawerenga kuchuluka kwake, amaonanso kuti ndi anthu angati anazitchula m'zolemba zawo, kenako amamupatsa udindo. Ine ndikuti mndandanda wotere, makamaka wa munthu wofufuza za katemera ndi umoyo wa anthu m'makomo, uziyesedwanso ndi mafunso ena awiri. Kodi ndani anasiyidwa powerenga? Nanga amene anawerengedwawo anauzidwa zimene zinapezeka? Kuno ku Kabwe mafunso awiriwa timawadziwa bwino, chifukwa m'Zambia muno ndi matauni ochepa amene ana ake atengedwa magazi kambirimbiri ngati ana athu.

Chifukwa chake n'chodziwika. Mgodi wa Broken Hill unakumba mtovu kwa zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake linatsala m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, mmene ana amakwawa n'kumadya zala. Mu 2015 John Yabe wa ku University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido University ku Japan anasindikiza zotsatira za magazi a ana 246 a m'makomboni atatuwa. Panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene mtovu wa m'magazi mwake unali pansi pa mamaikirogalamu 5 pa desilita, mlingo umene pa nthawiyo madokotala ankayambira kuda nkhawa. Zinali zotsatira zoopsa ndi zoona, koma zinkanena za ana oyandikana ndi mgodi okha. Za tauni yonse sizikanatha kunena.

Apa mpamene luso la kusankha anthu ofunsidwa linaonetsa phindu lake. Mu 2017 ofufuza a mayunivesite awiri omwewa anatenga mapu a kalembera, nasankha mwa maere madera 40 a m'boma la Kabwe, ndipo m'maderamo anasankha makomo 1,000. Anthu anapemphedwa kupita kuchipatala kukayezetsa magazi, ndipo monga zimakhalira, ena anapita, ena sanapite. Ofufuza osasamala akanangowerengera amene anabwera n'kunena kuti Kabwe ndi ameneyu. Daichi Yamada ndi anzake sanatero. Anadziwa kuti wobwera kudzayezetsa amasiyana ndi wotsala kunyumba pa msinkhu, pa ntchito, ngakhale pa mtunda wochokera kumgodi, choncho anagwiritsa ntchito mayankho a m'makomo kuti awerengere ndi osabwerawo. Zimene anasindikiza mu 2020 zinaonetsa kuti anthu pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse m'bomali ali ndi mtovu wopitirira mlingo uja. Chiwerengero chimenecho ndimachikhulupirira chifukwa eni ake anavutika kuganizira munthu amene sanamuone.

Pa katemera nkhani ndi yomweyo, ndipo imakhudza mwana aliyense. Kusikelo anamwino amalemba mwana aliyense wobayidwa, kenako chiwerengerocho amachigawa ndi chiwerengero cha ana amene akuganiziridwa kuti ali m'deralo. Kuganizirako kukalakwika, boma lina limaoneka kuti labaya ana oposa 100 pa 100 aliwonse, zimene sizingatheke. N'chifukwa chake pamafunika anthu oyenda khomo ndi khomo. Kwa zaka zambiri njira ya bungwe la WHO inali yosankha madera 30 ndi ana 7 m'dera lililonse. Ofunsa mafunso ankaima pakati pa mudzi, n'kuzunguza botolo pansi, n'kulowera kumene laloza. Akapeza khomo lotseka ankangopita pa lotsatira.

Taganizirani amene amakhala kuseri kwa khomo lotsekalo ku Makululu. Ndi mayi amene walawirira kumsika mwana ali kumsana, kapena amene wapita kukaphwanya miyala, kapena banja limene langosamukira kumene, khadi la sikelo litatayika pa msamuko. Mayi amene alibe nthawi yodikira ofunsa mafunso ndi yemweyonso amene alibe nthawi yokhala pa mzere wa katemera wa chikuku. Kumudumpha ndiye kudumpha mwana weniweni amene kafukufukuyo anayenera kumupeza. Wogula chimanga wodziwa ntchito yake amalowetsa dzanja mpaka pansi pa thumba, chifukwa cha pamwamba chimakhala chosankha. Mu 2018 WHO inatulutsa buku latsopano la malangizo lofuna kuti makomo asankhidwiretu mwa maere, ndipo ofunsa akapeza potseka abwererenso osati kusintha khomo. Njirayi ndi yodula ndiponso yotopetsa, koma imanena zoona.

Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 75 pa 100 aliwonse a miyezi 12 mpaka 23 analandira katemera yense woyambirira. Mwana mmodzi mwa anayi anaperewera, ndipo ntchito yaikulu ndi kudziwa kumene iye ali. Ngakhale khadi ndi kukumbukira kwa mayi sizinena zonse. N'chifukwa chake kampeni ya katemera wa chikuku ndi rubella ya mu 2016 itatha, ofufuza a Macha Research Trust ndi Johns Hopkins University anawonjezera kuyeza magazi pa kafukufuku wa m'makomo ku Southern Province, kuti aone ngati matupi analidi ndi chitetezo.

Wina angandiuze kuti ntchito ya wofufuza ndi kupeza choonadi n'kuchisindikiza, zina zonse ndi za boma. Mbali ina akunena zoona, ndipo sindipeputsa zosindikiza. Popanda umboni wolembedwa, dziko silikanamva za ana a ku Kasanda. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2019 linadalira zofufuza zoterezi, ndipo umboni wa magazi unali pakati pa mlandu umene unasumidwa ku Johannesburg mu 2020 m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, wotsutsa kampani ya Anglo American, imene imakana kuti ndiyo inachititsa vutoli. Nkhani yosindikizidwa bwino imakhala mboni imene siifa.

Koma magazi si chinthu wamba kwa anthu athu. Amene akukumbukira za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017 akudziwa kuti mphekesera ya magazi inaphetsa anthu osalakwa. Mayi akagwira dzanja la mwana wake wolira kuti achotsedwe magazi, wapereka chinthu chachikulu. Akapanda kumvanso kanthu, nkhani yake n'kukatuluka m'Chingerezi m'magazini imene sadzaiona, mtima wake umadzaza ndi mafunso, ndipo oyankha mafunsowo amakhala anthu a mphekesera. Wotsatira kugogoda pakhomo pakepo ndi wa zaumoyo wonyamula bokosi la katemera wa poliyo. Ameneyo ndiye amalipira ngongole imene wofufuza anasiya. Choncho kubweza zotsatira kwa eni ake ndi mbali ya luso lomwelo la kafukufuku, chifukwa khomo limene lakhumudwa lero silidzatsekuka pa kafukufuku wa mawa, ndipo chiwerengero cha mawacho chidzakhala chopotoka.

Zambia ili ndi lamulo la National Health Research Act la mu 2013 ndi bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo. Ili ndi mayunivesite amene amakweza aphunzitsi ake, kuphatikizapo Mulungushi University ya kwathu kuno. Mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yosintha zimene ofufuza amaziona kuti n'zofunika. Pambali pa nkhani iliyonse ya pa mndandanda pazilembedwa kuti ndi makomo angati anapezeka otseka, ofunsa anabwererako kangati, ndipo zotsatira zinafotokozedwa liti kwa anthu, m'Chibemba, m'Chilenje kapena m'Chinyanja, pa msonkhano wa kuchipatala kapena pa wailesi. Ndalama za ulendo wobwererawo ziikidwe mu bajeti kuyambira pachiyambi, monga zimaikidwira za mafuta a galimoto ndi za majakisoni. Wofufuza amene ali ndi nkhani khumi zochitidwa motere wathandiza ana a Kabwe kuposa amene ali ndi nkhani zana zimene eni magazi sanazimvepo, ndipo mayunivesite athu ayenera kumukweza iyeyo poyamba.