Khutba ya Jumu'ah: Amayi Amene Mbiri Inawasiya Kuseri kwa Chitseko

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa, amene amaona ntchito ya masana ndi ya usiku. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake. Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi inu nonse kuti timuope Allah.

Funso la lero ndi ili: popeza Chisilamu chimatiphunzitsa kuchita zabwino mosafuna kutchuka, kodi pali tchimo tikaiwala amayi amene anasenza ntchito zomwe amuna anatchuka nazo?

Tiyambe ndi Qur'an imene ili m'manja mwathu. Maswahaba ambiri oisunga pamtima ataphedwa pa nkhondo ya Yamama, Umar analangiza Abu Bakr kuti isonkhanitsidwe, ndipo ntchitoyo inaperekedwa kwa Zayd ibn Thabit. Masamba olembedwawo anakhala kwa Abu Bakr, kenako kwa Umar. Umar atamwalira m'chaka cha 644, sanawasiye m'nyumba ya mtsogoleri wa asilikali kapena ya munthu wachuma. Anakhala m'manja mwa mwana wake Hafsa, mkazi wa Mtumiki. Patapita zaka, Asilamu a m'madera osiyanasiyana atayamba kukangana pa kawerengedwe, Uthman anatumiza uthenga kwa mayi Hafsa kubwereka masambawo. Anawakopera, natumiza makope ku mizinda ikuluikulu, nabweza masamba kwa mwini kusunga. Lero timati Mus'haf wa Uthman, ndipo sitinama. Koma Uthman akanakopera chiyani amana imeneyo ikanasungidwa mosasamala?

Ambiri a ife kuno ku Mozambique timaswali motsatira madhhab a Imam Shafi'i. Iye anabadwira ku Gaza m'chaka cha 150 cha Hijra, bambo ake namwalira iye akali khanda. Mayi ake, wamasiye wosauka, anamunyamula ali ndi zaka ziwiri kupita naye ku Makkah kuti akakulire pakati pa abale ake ndi anthu ozindikira. Umphawi unali wotere moti mwanayo ankalemba maphunziro ake pa mafupa, posowa ndalama zogulira mapepala. Mabuku ake, monga Al-Risala ndi Al-Umm, akuwerengedwa kufikira lero. Koma ulendo umene unabala mabukuwo unayendedwa ndi mapazi a mayi.

Wina adzati: malipiro awo ali kwa Allah, kutchulidwa ndi anthu n'kwa phindu lanji? Zoona, iwo sanataye kanthu. Pamene mayi Umm Salama anafunsa Mtumiki chifukwa chimene sankamva akazi akutchulidwa pa nkhani ya Hijra, inatsika ayah 195 ya Surah Al Imran, yotsimikiza kuti ntchito ya mkazi ndi ya mwamuna sizitayika kwa Allah. Taonani, funso lake silinayesedwe kudzikweza. Linayankhidwa.

Apa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa. Munthu akabisa zabwino zake, imeneyo ndi ikhlas. Koma akabisa zabwino za mnzake, nalandira yekha kuyamikidwa, kumeneko ndi kupondereza. Kukhala chete kwa wochita zabwino sikupatsa wopindula ufulu wokhalanso chete. Ndipo otaya ndife: mtsikana amene sanamvepo za Hafsa amakula akuganiza kuti ilimu si yake, pamene mnyamata amakula akuyesa kuti mutu wake wokha ndiwo unasenza denga.

Tisaloze kutali, abale anga. Sheikh akamaphunzitsa ku madrasa, ndani ali kumunda? Mnyamata akamaliza Qur'an timamuveka mkanjo watsopano ndi kutamanda mphunzitsi wake, koma amene anagulitsa mandasi ndi nkhuni kuti mwanayo asagone ndi njala wakhala kuseri, akupakula mpunga wa alendo. Lero mukabwerera kunyumba, muthokozeni pamaso pa ana. Mukamafotokoza mmene munapezera maphunziro kapena chuma, musadumphe dzina lake. Ndipo mwana wamkazi mumutumize kukaphunzira monga mutumizira mlongo wake.

E Allah, alipireni amayi athu pa zimene tinaona ndi zimene sitinaone, akhululukireni amene anatsogola, ndipo mutiteteze kuti tisadye thukuta la wina popanda kuthokoza. Ameen.