AYI WA NAMULONDOLA

Ndinatsika phiri la Etna ndili wokwiya. Ndiyambe ndi kuulula zimenezi, pakuti nkhani yonse imene ndikufuna kuti tikambiraneyi yagona pa mkwiyo umenewu. Ndinali nditalipira ndalama zimene mwana wa sukulu sazipeza wamba, nditadzuka m'bandakucha, nditayenda mpaka akatumba kuwawa. Tsono patangotsala pang'ono kuti ndisuzumire m'dzenje la moto limene ndinadzera, munthu amene ndinamlipira kuti andifikitse kumeneko anaima, nayang'ana kumwamba, nati, "Tibwerere." Ndipo ndinabwerera. Ndalamazo ndinaziiwala kale. Chimene chakhala chikundisautsa ndi funso ili: kodi munthu wa nzeru zake, wophunzitsidwa kufunsa chifukwa cha chinthu chilichonse, amachita bwino kumvera mnzake pa chinthu chimene iye mwini sakuchiona?

Kwa amene simulidziwa, Etna ndi phiri lophulika la pa chilumba cha Sicily, kumwera kwa Italy, ndipo mzinda wa Catania uli m'tsinde mwake. Msinkhu wake umasinthasintha, chifukwa likaphulika limadzisenzetsa miyala pamutu, kenaka n'kugumukanso. Mu 2024 analiyeza napeza mamita 3,403, ndiye kuti limaposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje ndi mamita ngati 400. Pamwamba pake pali maenje anayi akuluakulu. La kumpoto chakum'mawa linatseguka mu 1911, lotchedwa Voragine mu 1945, la Bocca Nuova, kutanthauza kuti pakamwa patsopano, mu 1968, ndipo la kumwera chakum'mawa mu 1971. Anthu a kumeneko amangoti "Phiri", ngati kuti padziko palibenso lina. Amalima mphesa ndi malalanje m'dothi lake lachonde, chikhalirecho akudziwa kuti mu 1669 chiphalaphala chake chinafika ku Catania, ndi kuti mu 1928 chinakwirira tauni ya Mascali.

Ulendo wathu unayambira pamalo otchedwa Rifugio Sapienza, pamtunda wa mamita ngati 1,900, pamene msewu wa galimoto umafika. Pafupi pomwepo pali maenje a Silvestri, amene anaphulika mu 1892 nazima. Kumeneko anthu amazungulira m'milomo mwa maenjewo ndi ana awo, popanda wowatsogolera. Ife tinakwera tingolo toyenda pa chingwe m'malere mpaka mamita 2,500, kumene namulondola wathu anatipatsa zipewa zolimba natiwerenga. Anali bambo wachikulire, wa nkhope yopsa ndi dzuwa, wosakonda kulankhula. Malamulo a kumeneko salola mlendo kuyandikira maenje a pamwamba popanda munthu wovomerezeka ngati ameneyu.

Kuchokera apo kulibe mtengo, kulibe udzu. Mumayenda pa timiyala takuda topepuka, tolira pansi pa nsapato ngati mukuponda makala. Mphepo inali yozizira koopsa, koma titafika pa maenje amene anatseguka mu 2002, bamboyo anafukula pansi ndi dzanja natiuza kuti tigwire. Dothilo linali lofunda ngati phulusa la m'mafuwa m'mawa. Fungo la sulufule linkabwera ndi kupita, likakupeza n'kukutsokomoletsa. Tinafika pamalo otchedwa Torre del Filosofo, ndiye kuti nsanja ya wafilosofi, pamtunda wa mamita ngati 2,900, pamene panali nyumba imene phulusa la 2002 lomwelo linaikwirira. Maenje aakulu aja anali pamwamba pathu, akufuka utsi woyera mwakachetechete.

Apa ndi pamene kawailesi kake kanalira. Anamvetsera, nayang'ana utsi uja kwa kanthawi, natembenuka.

"Pepani nonse, lero tithera pano. Mphepo yatembenukira kunjira yathu, ndipo amene amayang'anira makina ku Catania akuti kunjenjemera kwa pansi kukukwera."

"Koma bambo," ndinatero ine, "phirili lili phee. Taonani nokha."

"N'zoona, lili phee. Mwina likhala choncho mpaka mwezi wamawa. Ine sindikudziwa. N'chifukwa chake tikubwerera."

Ndikadakonda kukuuzani kuti titangotsika phirilo linabangula, ine n'kugwada kuthokoza. Nkhani ikadakoma, koma ikadakhala yabodza. Phirilo silinachite kanthu tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Tikadapitirira tikadasuzumira m'dzenje muja n'kubwerako bwinobwino. Choncho funso langa silingayankhidwe ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Liyenera kuyankhidwa ndi zimene tinkadziwa titaima pamalo paja.

Mbali imodzi ya mtima wanga inali ndi mboni yamphamvu. Mu 1784 Immanuel Kant analemba kankhani kofotokoza kuti umwana weniweni ndi ulesi ndi mantha olola ena kutiganizira: buku litiganizire, mbusa atisungire chikumbumtima, dokotala atisankhire chakudya. Ife a pano timakula ndi chiphunzitso chimenechi. Mphunzitsi akanena chinthu timati umboni uli kuti, ndipo mwambi wathu womwe umati safunsa anadya phula. Nanga ine, amene ndinaona ndi maso anga phiri lili chete, ndinalekeranji maso angawo n'kutsata mawu a munthu amene anavomera yekha kuti sakudziwa?

Yankho loyamba ndi lakuti maso anga pamalo paja anali opanda ntchito. Pa 12 September 1979 alendo anaima m'mphepete mwa Bocca Nuova, dzenjelo likuoneka lofatsa. Mwadzidzidzi linalavula miyala, ndipo anthu 9 anafa. Pa 16 March 2017 chiphalaphala chinayenda pamwamba pa chipale chozizira, madzi n'kusanduka nthunzi nthawi imodzi, n'kuphulika, ndipo anthu ngati 10 anavulala, ena mwa iwo atolankhani a BBC. Bata la phiri lotere silinena kanthu kwa mlendo. Chimene chimanena kanthu ndi kunjenjemera kumene phazi silikumva, mpweya wotuluka m'ming'alu, ndi kufufuma kwa nthaka kumene makina okha ndiwo amakuona. Kukakamira maso anga pamenepo sikukadakhala kuganiza pandekha. Kukadakhala kukana kuvomera kuti pali zinthu zimene sindidziwa, ndipo munthu wokana zimenezi waleka kale kuganiza.

Dzina la malo amene tinaimawo limakumbutsa munthu wotere. Empedocles, wafilosofi wa mumzinda wa Akragas pa chilumba chomwecho, amene anaphunzitsa kuti zinthu zonse zinapangidwa ndi moto, mpweya, madzi ndi dothi, anakhala ndi moyo zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Nthano imati anadziponya m'dzenje la Etna kuti anthu, posapeza mtembo wake, akhulupirire kuti wasanduka mulungu, koma phirilo linamuulula polavula nsapato yake imodzi yamkuwa. Nthanoyo ndi nthano chabe. Komabe amene anaipeka ankadziwa matenda a anthu ophunzira: timafika poganiza kuti popeza tadziwa dzina la moto, motowo sungatitenthe.

Ndikadalekera pomwepa bwenzi phunziro lake lili lapafupi: mverani okutsogolerani. Koma pali nkhani ina imene siilola kuti tipume msanga chotero. Pa 9 December 2019, pa kachilumba kophulika ka Whakaari ku New Zealand, panali anthu 47, alendo pamodzi ndi anamulondola awo. Alendowo anavala zipewa zimene anapatsidwa, anayenda m'njira imene anauzidwa, sanachite mwano uliwonse. Phirilo linaphulika ndipo anthu 22 anafa. Milungu ingapo izi zisanachitike, akatswiri anali atakweza chenjezo lakuti phirilo likutakataka, koma maulendo anapitirira. Pambuyo pake makampani ena otengera alendo kumeneko anavomera kukhoti kuti sanawateteze mokwanira. Anthu amenewa anamvera monga ndinamvera ine. Kumvera pakokha sikupulumutsa munthu, ndipo sikungakhale khalidwe labwino pakokha. Funso lenileni ndi lakuti, womumverayo ndi wotani?

Poyamba ndinkati yankho ndi lakuti namulondola amayenda patsogolo, mwala ukagwa uyambira iye. Zimenezi zili ndi kulemera kwake, pakuti pali kusiyana pakati pa wokuuza kuti "pita" ndi wokuuza kuti "tiye". Koma ku Whakaari anamulondola awiri anafera limodzi ndi alendo awo. Munthu angathe kukhala nawe m'ngozi imodzi, wokhulupirika ndi wolimba mtima, koma iye mwini ali wotumidwa ndi ena amene atsala kumtunda akuwerenga ndalama.

Chimene ndachipeza m'mawu a bambo uja ndi china. Choyamba, ayi wake anamudyera iye mwini. Alendo okhumudwa sabweranso, satumiza anzawo, ndipo ena amafuna ndalama zawo. Mimba yake inkamuuza kuti tipitirire, monganso ife tinkamuuzira, koma iye anakana zonse ziwiri. Inde wa munthu amene akudya nawo phindu la inde ameneyo sakuuza zambiri. Ayi womuluzitsa ndiye amakuonetsa kuti pali china chimene amachilemekeza koposa thumba lake. Chachiwiri, nditamufunsa sanandikalipire kapena kundiuza kuti iye wakhala pa phirili zaka zambiri choncho nditseke pakamwa. Anandipatsa zifukwa zake, ndipo pamene nzeru zake zinathera ananena poyera kuti zathera pamenepo. Munthu wonena kuti "sindikudziwa" wakupatsa muyeso woyezera mawu ake ena onse. Amene amadziwa zonse, nthawi zonse, ndiye woyenera kumuopa.

Pamenepa ndinazindikira chimene ndinagula ndi ndalama zanga zija. Ndinkayesa kuti ndagula dzenje la moto, koma dzenjelo si la namulondola kuti angaligulitse. Chimene anali nacho chogulitsa ndi chiweruzo chake, ndipo chiweruzo chimene sichingathe kunena kuti ayi si chiweruzo konse. Ndikadakhala ndi namulondola wotsimikiza kundifikitsa pamwamba zivute zitani, ndikadakhala nditalipira munthu wondiperekeza chabe, wonga chithunzithunzi changa. Tsiku limene anandibweza ndi tsiku limene anagwira ntchito imene ndinamlipirira.

Sindikunena kuti pamenepa Kant wagonja. Kuganiza pandekha kunali ndi malo ake, koma malowo anali kumunsi, tisananyamuke. Kumeneko ndiye kunali kofunsa kuti munthuyu ndani, anamuvomereza ndani, amamvera makina kapena mwini kampani, ndipo ngoziyo ndi yaikulu bwanji. Kumenekonso ndiye kunali kosankha kukwera kapena kutsala, pakuti palibe anandikakamiza, ndipo mlandu wa kusankhako sindingausenzetse wina. Titatsika, malo ofunsa anatsegukanso: ndinali ndi ufulu womuuza kuti walakwa, ndipo iye anali ndi udindo wondiyankha. Pakati pokhapo, pamlomo pa dzenje, pamene mphindi imodzi ingathe kusiyanitsa amoyo ndi akufa, ndi pamene kumvera msanga kunali nzeru. Kumvera kwanga kunali ngongole ya maola ochepa, yoperekedwa ndi ine mwini, pa chinthu chimodzi chodziwika, ndipo inatha titangovula zipewa zija.

Apa ndiye pali msampha umene ndikufuna kuti anzanga tiuonetsetse. Fanizo la namulondola ndi lokoma kwambiri kwa aliyense wofuna kumveredwa. Kholo, mphunzitsi, mbusa, mkulu wa pantchito, aliyense angathe kunena kuti, "Ine ndikuona zimene inu simukuziona, nditsateni." Nthawi zina amanena zoona. Koma muyeso uja tiugwiritse ntchito. Kodi ayi wake amamudyera iye, kapena amadyera ife tokha? Kodi tikamufunsa amapereka zifukwa? Kodi anayamba wanenapo kuti sakudziwa? Ndipo koposa zonse, kodi ulendo wake uli ndi potsikira? Namulondola woona amakubwezera kumunsi, nakuvula chipewa, nakulola kuti umutsutse. Wonyenga amakuuza kuti moyo wonse ndi pamlomo pa dzenje, kuti nthawi yofunsa sinakwane ndipo sidzakwana, chifukwa phiri lingaphulike nthawi ina iliyonse. Munthu wotere sakukuteteza ku phiri. Akugwiritsa ntchito phirilo kuti akusunge.

Funso limodzi latsala limene sindinalimasule, ndipo ndikulisiya kwa inu. Bambo uja akadalakwitsa mbali inayo, akadati tiyeni, phiri n'kuphulika, kodi ndikadakhala ndi mlandu womuimba? Ndikuganiza kuti akadakhala atandibisira chenjezo, inde. Koma akadakhala atandiuza zonse zimene ankadziwa, ine n'kuvomera, ndiye kuti ngoziyo ikadakhala yanga monga inali yake. Komabe ndikaganiza za amasiye a anthu 9 aja a mu 1979, yankho limeneli limandiuma pakamwa.

Madzulo a tsikulo, tili m'basi yobwerera ku Catania, ndinavula nsapato kuti ndikhutule timiyala takuda timene tinalowamo. Mkwiyo unali usanathe. Koma ndinaziyang'ana nsapatozo, ndipo zinali zonse ziwiri.