CITUPA CA KAISARA NDI CIZINDIKIRO CA CIROMBO

Mnyamata wa ku Zemba akagulitsa thonje lace nagula njinga yamoto, akomana ndi lamulo la dziko. Saloledwa kuyendetsa pa mseu wopanda laisensi ya a RTSA, ndipo laisensiyo sapatsa munthu wosaonetsa citupa ca dziko, cimene ambiri acicha reji, pamodzi ndi nambala yace. Citupaco sicinthu catsopano ai: cinayamba kuperekedwa m'caka ca 1965, ndipo yense wofika zaka 16 ayenera kukhala naco. Koma popeza tsopano maina, zithunzi ndi zidindo za zala zisungidwa m'makompyuta, mau amveka m'midzi akuti nambalayo ndiyo cizindikiro ca cirombo cochulidwa pa Cibvumbulutso 13, ndi kuti woilandira wataya moyo wace. Ena a iwo onena mauwa ali anthu oopa Mulungu ndithu. Funso lao liyenera yankho la m'Malembo, osati ciphwete.

Kulembedwa m'buku la boma si chimo. Mulungu mwini analamulira Mose m'cipululu ca Sinai kuti awerenge amuna a Israyeli monga mwa mabanja ao, napezeka 603,550. Nzoona kuti Davide atawerenga anthu mliri unagwa. Koma colakwa cinali mumtima mwa mfumu, imene inafuna kutama unyinji wa ankhondo ace, ngakhale Yoabu anaidandaulira kuti ileke. Ndipo pa Luka 2 pali Yosefe. Amene analamulira kalembera uja anali Kaisara Augusto, mfumu yacikunja, ndipo nchito ya kalemberayo inali msonkho. Komabe Yosefe, munthu wolungama, anatenga Mariya ali ndi pakati, nayenda ulendo wautali kucokera ku Nazarete kukalembetsa ku Betelehemu. Pa ulendo womvera lamulowo mpamene uneneri wa Mika unakwaniridwa, Mpulumutsi nabadwira m'mudzi wa Davide.

Nanga cizindikiro ca cirombo nciani? Wowerenga mutu wonsewo, wosangotola nambala ya 666 yokha, adzaona kuti cizindikiro ciyenda pamodzi ndi kulambira. Pali fano, olikana aphedwa, olipembedza alandira cizindikiro, natsegulidwa njira ya kugula ndi kugulitsa. Mpingo unakomana ndi cinthu cotere m'caka ca 250, pamene Kaisara Decius analamulira anthu onse a mu ufumu wa Roma kupereka nsembe kwa milungu pamaso pa akulu a boma, ndi kulandira kalata wa umboni. Makalata otere oposa 40 anapezedwa m'mcenga wa ku Aigupto. Mwa iwo munthu acita umboni kuti wathira nsembe, walawanso nyama yace, ndipo akuluwo asaina pansi. Fabian, bishopo wa ku Roma, anafa m'cizunzo cimeneco. Ena, poopa imfa, sanapereke nsembe koma anagula kalatayo ndi ndalama mseri; ndipo Cyprian wa ku Carthage anawawerenga pamodzi ndi akugwa, cifukwa kalatayo ananena m'dzina lao kuti akana Ambuye.

Cotero poyesa pepala liri lonse, Mkristu afunse cimene pepalalo linena m'malo mwace. Reji inena dzina la munthu, tsiku lobadwa, mudzi wace, mfumu yace ndi boma lace. Laisensi inena kuti munthuyo anayesedwa, napezeka wodziwa kuyendetsa. M'menemo mulibe lumbiro, mulibe kugwada.

Akulu a cigawo cino ca Kum'mawa anaona ndi maso ao pepala la mtundu wina. Ku Malawi, m'masiku a Dr. Banda, munthu wopanda kadi ya cipani ca Malawi Congress anali kubwezedwa pa msika ndi pokwera basi. A Mboni za Yehova anakana kuigula, nati sangalowe m'cipani ca ndale. Msonkho anali kupereka. Anakana kadi yokhayo. Boma linaletsa gulu lao mu October 1967, ndipo m'caka ca 1972 msonkhano wa cipani unapangana kuti acotsedwe nchito ndi kupitikitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, akazi anacitidwa zamanyazi, ena anaphedwa. Oposa 19,000 anathawira ku Sinda Misale, pafupi ndi malire, kumene madzi abwino ndi cakudya zinasowa, ndipo mazana anafera pomwepo, ambiri a iwo ana. Mu December 1972 anabwezedwa kwao, nathawanso kunka ku Mlangeni, m'dziko la Mozambique. Ciletsoco cinacotsedwa mu August 1993.

Mipingo isiyana ndi a Mboni pa ziphunzitso zazikuru, ndipo pa Umulungu wa Kristu kusiyanako sikungabisike. Akristu ocuruka anagula kadiyo osaona chimo m'menemo. Koma ziyenera kunenedwa poyera kuti pepala limene litsekera munthu msika kufikira atabvomereza cimene cikumbumtima cace cikana, layandikira ndithu ku cija ca m'Cibvumbulutso. Ndipo mwa iwo ogwira zibonga masiku aja munali obatizidwa. Wokumbukira misasa ya ku Sinda Misale sadzafulumira kucha citupa ca masiku ano cizunzo, ndiponso sadzafulumira kunyoza mnzace wokana cinthu cifukwa ca Mulungu.

Mabwalo a milandu abvutika nayo nkhaniyi m'maiko ambiri, ndipo saweruza mofanana. M'dziko lino, m'caka ca 1967, bwalo lalikuru linakana dandaulo la Feliya Kachasu, mwana wa sukulu wa ku Mufulira, amene anacotsedwa cifukwa cosaimba nyimbo ya pfuko ndi kusacitira saluti mbendera. Ku America, Frances Quaring wa ku Nebraska anakana cithunzi pa laisensi yace cifukwa ca lamulo laciwiri, loletsa mafano. M'caka ca 1985 oweruza a bwalo lalikuru anagawika anai ndi anai, ndipo ciweruzo ca bwalo laling'ono comulola cinakhala. Caka cotsatira bwalo lomwelo linauza Stephen Roy, amene anati nambala ya boma idzalanda mzimu wa mwana wace wamkazi, kuti cikhulupiriro ca munthu sicingalamulire umo boma lisungira mabuku ace. Ku Canada, a Hutterite a ku Wilson Colony, alimi okhala pamodzi ndi cuma cimodzi, analoledwa zaka zambiri kuyendetsa opanda cithunzi, kufikira cigawo ca Alberta cinasintha lamulo m'caka ca 2003. Ndipo mu 2009 oweruza anai anaima ndi boma, atatu ndi iwo. Ngati anthu ophunzira malamulo agawika cotero, nkosadabwitsa kuti pa bwalo la mudzi pakhala mtsutso.

Tsono akulu a mpingo acite ciani ndi mbale amene, atamva zonsezi, mtima wace ukanabe? Paulo pa Aroma 14 aletsa wolimba kupeputsa wofoka, naphunzitsa kuti cimene munthu acita wokayika mtima cimtsutsa. Mbale wotere asakakamizidwe, asaikidwe pa mwambo. Aphunzitsidwe mofatsa, caka ndi caka ngati kuyenera. Koma iyenso adziwe mtengo wa kukana kwace. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anagwira nchito ya boma la Babulo, nayitanidwa ndi maina amene Ababulo anawapatsa. Pofika pa fano anakana poyera, nalandira ng'anjo, osathawa ndi osanyenga. Wokana laisensi cifukwa ca cikumbumtima aleke njinga yamotoyo, ayende pansi kapena apalase yakapalasa.

Pakuti coipa ciripo cimene ambiri saciopa monga aopa nambala. Mnyamata wosaphunzira malamulo a pa mseu anyamula mai wodwala ndi mwana kumbuyo, nathamanga nao kunka ku cipatala ca ku Chadiza, akhota m'tinjira ta m'thengo kuzemba apolisi. Wina apereka ndalama mseri, nalandira laisensi wosayesedwa. Pepala lace linena bodza m'dzina lace, monga makalata aja ogulidwa m'masiku a Decius. Cilamulo ca Mose cinalamulira womanga nyumba kuika kampanda pa tsindwi, kuti mlandu wa mwazi ungagwere banja lace munthu akagwa. Ndipo mwini ng'ombe yodziwika kuti itunga anthu, akapanda kuisunga nipha munthu, anayesedwa wopalamula iye mwini. Wokwera kumbuyo kwa njinga sanafunsidwe za cikhulupiriro ca woyendetsa. Analipira ndalama yace, nagwira m'cuuno mwa mnzace, ali ndi ciyembekezo cakuti wa kutsogoloyo adziwa poimira ndi pokhotera.