KODI WAMNG'ONO ANGATSUTSE MKULU?

Tikamva ndege ikuuluka kuchokera ku Chileka, ambiri a ife timaganiza kuti moyo wa anthu okweramo uli m'manja mwa munthu mmodzi. Si tero iai. Kutsogolo kwa ndege yaikuru kumakhala anthu awiri, kapitao ndi womthandiza, ndipo funso lathu lagona pakati pa awiriwa: kodi wamng'ono akaona kuti mkulu wasokera, ulemu umlamula kukhala chete?

Makolo athu anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo sananame. Koma mlengalenga mulibe nthawi yakuti mau agonere.

Pa 27 March 1977, pa chisumbu cha Tenerife, ndege ya KLM inayamba kuthamanga kuti inyamuke m'kati mwa nkhungu, pamene ndege ya Pan Am inali isanachoke pa njirayo. Kapitao wake, Veldhuyzen van Zanten, sanali wophunzira. Ndiye anali mkulu wophunzitsa anzake kuyendetsa ndege za mtundu umenewo. Mmisiri amene anakhala kumbuyo kwake anafunsa ngati ndege inayo yapatukadi. Kapitao anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo funsolo silinabwerezedwe. Anafa anthu 583. Onani bwino, abale: chimene chinasowa si nzeru, pakuti kukayika koyenera kunalipo m'chipindamo, ndipo kunanenedwa. Chinasowa ndi mphamvu yakukunena kachiwiri, ndi khutu lakukumva.

Chichokere zaka zimenezo, sukulu za oyendetsa ndege zinayamba kuphunzitsa chinthu chimene kale sichinayesedwa phunziro. Wamng'ono aphunzira kutchula choopsa poyera, mosazungulira, ndi kubwereza kufikira atayankhidwa; mkulu aphunzira kufunsa maganizo a anzake, ndipo pa mayeso amayesedwa pa ichinso. Ine ndiyesa kuti phunziro la mkuluyo ndilo lobvuta koposa, pakuti kulankhula kufuna kulimba mtima kwa kamphindi, koma kumvera wamng'ono kufuna kudzichepetsa kwa masiku onse.

Wina adzati, nanga mwambo udzatsala pati ngati yense atsutsa mkulu? Funso labwino. Koma wothandizayo salanda mpando. Chiweruzo chikhalabe cha kapitao. Paulo Woyera anadzudzula Petulo pamaso ku Antiokeya, ndipo Petulo sanaleke kukhala mutu wa Atumwi. Ulemu umene ubisira mkulu choopsa uli mantha obvala malaya a ulemu, ndipo timaudziwa bwino m'maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre, m'mene tonse tiona liwiro, nitingoyang'anana.

Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali athu inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, nigwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anafa anthu 9, pamodzi ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima. Sindiweruza akufa. Ku Tenerife dziko linaphunzira chifukwa makina osunga mau anasunga funso la mmisiri uja. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza za ku Chikangawa anapeza kuti m'ndege yathu munalibe makina otere.