Kodi Mwana Amayamba Liti Kusenza Mlandu?

Kuyambira m'masiku a atsamunda kufikira m'chaka cha 2022, malamulo a dziko la Kenya ankalola kuti mwana wa zaka 8, amene mano ake oyamba sanathe n'kuguluka komwe, aimikidwe pamaso pa woweruza ndi kutchedwa wopalamula. Lamulo latsopano la ana linakweza malirewo kufika pa zaka 12, nanenanso kuti mwana wosakwana zaka 14 ayesedwe wosatha kulekanitsa chabwino ndi choipa, pokhapokha bwalo litaona umboni wakuti anadziwa chimene anali kuchita. Kwathu ku Malawi malirewo akadali pa zaka 10.

Motero woweruza wa bwalo la ana ku Milimani, mu mzinda wa Nairobi, wapatsidwa ntchito imene Malembo amati n'ja Mulungu yekha, ndiyo kusanthula mtima wa munthu. Tayerekezani mnyamata wa zaka 13 wa ku Mathare, mmodzi wa aja amene eni mzinda amawatcha chokora chifukwa chotolatola m'zinyalala, atagwidwa atakwatula foni pa zenera la minibasi. Akafunsidwa ngati kuba n'koipa adzavomera, pakuti ndani sadziwa? Koma kudziwa choipa ndi kukhala nayo mphamvu yakuchikana ndi zinthu ziwiri, ndipo mwana amene wagona ndi njala pa khonde la sitolo, wopanda wina womuitana dzina dzuwa likamalowa, ali nacho chidziwitsocho popanda mphamvuyo.

Makolo athu Achewa funsoli ankaliyankha mwa njira ina. Mwana wosavinidwa akaononga za mwini, amene ankakhala pansi pa bwalo la mfumu, nawomba m'manja, napereka nkhuku kapena mbuzi, anali malume ake, mwini mbumba. Mwanayo ankadzudzulidwa kunyumba, koma mlandu unali wa akulu amene anamlekerera. Sankafunsa tsiku limene mwanayo anabadwa. Ankafunsa kuti, "Mwanayu ngwa yani?"

Funso limeneli ndi limene likundivutitsa ndikamaganizira nyumba yosungira ana oyembekeza milandu ku Lower Kabete, ndi sukulu zowongolera khalidwe za Getathuru, Kabete ndi Dagoretti. Bungwe la Human Rights Watch linaonetsa m'chaka cha 1997 kuti ana ambiri otsekeredwa ku Kenya anali ongosesedwa m'misewu ndi apolisi, mlandu wawo uli umphawi basi. Malamulo aakulu a dzikolo a 2010 tsopano amati kutsekera mwana kukhale njira yotsiriza, kwa nthawi yochepa, ndi kutali ndi akaidi aakulu. Ndiponso lamulo la 2022 limalola kuti mlandu upatutsidwe, uthere pa kupepesa, kubweza ndi uphungu. Zonsezi n'zokoma, ndipo ndikuziyamika ndi mtima wonse, pakuti kuwongola mtengo mpoyamba. Koma kupatutsa mlandu kumayenda bwino pamene pali wamkulu wobwera kudzaima pambali pa mwanayo, nalonjeza kumuyang'anira. Ndipo mwana wa m'misewu, amene akusowa chifundocho koposa anzake onse, ndiye amene alibe womuimira.

Bambo Arnold Grol, wansembe amene anayamba kusonkhanitsa anyamata a m'misewu ya Nairobi m'chaka cha 1973, ntchito imene inabala bungwe la Undugu, anadziika yekha pa malo a malume osowawo. Ine ndikuti boma limene lili ndi mphamvu yakugwira mwana liyenera kusenzanso udindo womwewo, kotero kuti pa tsiku la mlandu wogwira ntchito wa boma aimirire m'bwalo, afotokoze kumene mwanayo ankagona, chimene ankadya, ndi chifukwa chimene sanali pa sukulu, woweruza asanamufunse mwanayo kanthu.